MITENGO NDI MBENDERA: MOMWE CHUMA CHA LIBERIA CHIDADYETSERA NKHONDO

Anthu akamva pa wailesi kuti m'dziko lakutilakuti nkhondo yatha zaka khumi isanazilale, kawirikawiri amafunsana kuti kodi omenyanawo ndalama akuzitenga kuti. Funsoli n'loyenera ndithu. Mfuti imagulidwa, zipolopolo zimatha tsiku ndi tsiku, galimoto zonyamula asilikali zimamwa mafuta, ndipo msilikali wogona ndi njala sachedwa kuthawa. Nkhondo ili ngati moto wa pamafuwa: akasowa wosonkhezera nkhuni, umazima wokha. Nkhani ya lero ikufotokoza za dziko la Liberia, ku West Africa, kumene nkhuni zosonkhezera motowo zidachokera m'malo awiri amene ambiri sangawaganizire, m'nkhalango ndi m'kaundula wa sitima zapamadzi.

Dziko la Liberia kukula kwake n'kofanana pang'ono ndi Malawi, ndipo lili m'mbali mwa nyanja yamchere ya Atlantic. Anthu akuda omasulidwa ku ukapolo ku America adayamba kukhazikika kumeneko mu 1822, ndipo mu 1847 dzikolo lidalengeza ufulu wodzilamulira. Kwa zaka zoposa 130 ulamuliro udali m'manja mwa zidzukulu za obwerawo, kufikira mu 1980 pamene msilikali wina, Samuel Doe, adalanda boma, pulezidenti William Tolbert nkuphedwa. Pa 24 Disembala 1989, Charles Taylor, amene kale adali wantchito m'boma la Doe, adalowa m'dzikomo kuchokera ku Ivory Coast ndi kagulu ka zigawenga. Apo ndiye padayambira nkhondo yapachiweniweni imene, kupatula zaka zochepa za bata, idafika mpaka 2003. Anthu pafupifupi 250,000 adafa, ndipo miyandamiyanda adathawa kwawo.

Chuma cha m'nkhalango

Nkhalango yaikulu yamvula imene kale idakuta gombe la West Africa idatha m'maiko ambiri, ndipo pafupifupi magawo anayi mwa magawo khumi a nkhalango yotsalayo ali ku Liberia. M'menemo muli mitengo italiitali yolimba, monga niangon ndi ekki, imene amalonda a kunja amaifuna popanga mipando, zitseko, milatho ndi madoko.

Pofika kumapeto kwa 1990, Taylor adali atagwira dera lalikulu la dzikolo kupatula likulu la Monrovia. Adakhazikitsa likulu lake ku Gbarnga, ndipo doko la Buchanan lidali m'manja mwake. Makampani odula mitengo amene adafuna kupitiriza ntchito adayenera kupereka msonkho kwa iye m'malo mwa boma. Zipika, mphira ndi miyala yachitsulo zidapitirira kutuluka pa doko, ndipo ndalama zake zidagula zida, ngakhale kuti bungwe la United Nations lidaletsa kugulitsa zida ku Liberia mu Novembala 1992.

Pali zifukwa zingapo zimene mitengo imakomera anthu omenya nkhondo. Choyamba, kudula mtengo sikulira luso lambiri ngati kukumba mafuta. Macheka, mathirakitala ndi malole n'zokwanira. Chachiwiri, chipika chikafika kutsidya kwa nyanja nkuchekedwa matabwa, palibe angadziwe kuti chidachokera kumalo ankhondo. Chachitatu, kampani yodula mitengo imalambula misewu yolowa m'kati mwa nkhalango mpaka kumalire, ndipo msewu umene lole yatulukira ndi zipika ndi womwewo umene ingabwererenso ndi mabokosi a mfuti. Chachinayi, sitima yodzanyamula zipika imafika pa doko ili ndi malo ambiri opanda kanthu.

Mu Julayi 1997 Taylor adapambana chisankho nakhala pulezidenti. Ambiri adamuvotera poopa kuti akalephera ayambiranso nkhondo. Atalowa m'boma adaika mbale wake, Robert Taylor, kukhala mkulu wa bungwe loyang'anira nkhalango la Forestry Development Authority. Mu 2000 padakhazikitsidwa lamulo lopatsa pulezidenti yekha mphamvu zopangana ndi makampani pa chuma chonse chachilengedwe, kuphatikizapo mitengo. Kuyambira pamenepo kudali kovuta kusiyanitsa thumba la boma ndi thumba la mtsogoleri.

Kampani yaikulu koposa idali Oriental Timber Company, imene idayamba ntchito mu 1999, ndipo mkulu wake adali Guus Kouwenhoven, wamalonda wa ku Netherlands. Kampaniyi idapatsidwa nkhalango ya mahekitala pafupifupi 1.6 miliyoni, dera loposa theka la Nyanja ya Malawi. Idayendetsa doko la Buchanan ndipo idali ndi alonda akeake onyamula mfuti. Wamalonda wina, Leonid Minin, wobadwira ku Ukraine, adalinso ndi kampani yamatabwa ku Liberia. Akatswiri a United Nations adapeza kuti mu Malichi 1999 zida zolemera matani 68 zidachoka ku Ukraine kupita ku Burkina Faso, ndipo kuchokera kumeneko zambiri zidanyamulidwa pa ndege ya Minin kukatsitsidwa ku Liberia. Wogula mitengo ndi wogulitsa mfuti adali munthu mmodzi yemweyo.

Mbendera yobwereketsa

Gwero lachiwiri la ndalama ndi lovutirapo kulimvetsa, makamaka kwa anthu a dziko lopanda doko la panyanja yamchere. Monga momwe galimoto iliyonse imalembetsedwa ku boma nkupatsidwa nambala, sitima yapamadzi iliyonse yoyenda pakati pa maiko imayenera kulembetsedwa m'kaundula wa dziko lina lake. Ikatero imakweza mbendera ya dzikolo, ndipo imatsata malamulo a dzikolo pa za msonkho, malipiro a amalinyero ndi chitetezo. Maiko ena amalola mwinisitima wa mtundu uliwonse kulembetsa kwa iwo pamtengo wotsika. Motero sitima ya munthu wa ku Greece, yomangidwa ku Japan, yoyendetsedwa ndi amalinyero a ku Philippines, ikhoza kukweza mbendera ya Liberia chonsecho siinafikeko ku Monrovia ngakhale tsiku limodzi.

Kaundula wa Liberia adakhazikitsidwa mu 1948, m'nthawi ya pulezidenti William Tubman, mothandizidwa ndi Edward Stettinius, amene kale adali nduna yoona zakunja ku America. Sitima yoyamba idalembetsedwa mu 1949, ndipo dzina lake lidali World Peace, kutanthauza mtendere wa dziko lonse lapansi. Zisanathe zaka makumi awiri, kaundulayu adaposa wa Britain nakhala wamkulu koposa padziko lonse.

Chofunika kuchidziwa n'chakuti ofesi yoyendetsa kaundulayu ili ku America, m'chigawo cha Virginia, ndipo imayendetsedwa ndi kampani imene imatumiza gawo la ndalamazo ku boma la Liberia. N'chifukwa chake nkhondo itaononga minda, migodi ndi mafakitale, ndalama za kaundula sizidaleke kubwera. Bomba silingagwe pa buku limene lili kutsidya kwa nyanja. Aliyense wokhala pampando ku Monrovia adali ndi chitsime chimene sichiphwa ngakhale m'chilala, ndipo ichi chidaonjezera chilakolako cha magulu omenyanawo chofuna kulanda likululo.

Kumayambiriro kwa 2000 ntchito yoyendetsa kaundula idaperekedwa kwa kampani yatsopano yotchedwa LISCR. Lipoti la akatswiri a United Nations la mu Okotobala 2001 lidaulula kuti m'chaka cha 2000, molamulidwa ndi ofesi ya boma yoona za sitima, imene mkulu wake adali Benoni Urey, ndalama zokwana madola 925,000 a ku America zidatumizidwa kuchokera ku kaundula kupita ku kampani ya San Air General Trading ku Sharjah, m'dziko la United Arab Emirates, osadzera m'thumba la boma. Akatswiriwo adati ndalamazo zidalipira zida ndi kanyamulidwe kake, ndipo kampani yolandirayo idali yogwirizana ndi Viktor Bout, wamalonda a zida wa ku Russia. Pambuyo pake LISCR idakana kutumizanso ndalama mwanjira yotere, koma akuluakulu a boma adapeza njira zina zopatutsira ndalamazo zikafika m'manja mwawo.

Eni sitima zikwizikwi amene adalipira msonkho wa mbendera sadaone mfuti ndi maso awo, ndipo ambiri mwa iwo sadaphwanye lamulo lililonse. Apa ndi pamene pagona vuto la ndalama zamtunduwu: zimalowa zili zoyera, ndipo zimadetsedwa panjira, pakati pa wolipira ndi nkhokwe ya boma.

Kutseka mipita

Maiko adachedwa kuchitapo kanthu. Maso onse adali pa miyala ya dayamondi ya ku Sierra Leone, kumene Taylor adali kuthandiza zigawenga za RUF, zodziwika ndi nkhanza zodula anthu manja. Mu Malichi 2001 nthambi yoona zachitetezo ya United Nations idaletsa kugula dayamondi wochokera ku Liberia, idalimbitsa chiletso cha zida, ndi kuletsa akuluakulu a boma la Taylor kuyenda maulendo akunja. Mitengo idasiyidwa. France ndi China, maiko amene ankagula zipika zambiri za Liberia, sadafune chiletso chotere, ndipo padalinso nkhawa yoona yakuti anthu wamba ogwira ntchito m'makampani amatabwa adzasowa podyera. Chotsatira chake chidali chodziwikiratu: mpita wa dayamondi utachepa, Taylor adatsamira kwambiri pa nkhalango. Bungwe la Global Witness la ku London lidafalitsa umboni wa zimenezi m'chaka chomwecho.

Mu Meyi 2002 United Nations idalamula boma la Liberia kuti mabuku a ndalama za mitengo ndi za kaundula wa sitima aziunikidwa ndi owerengera ndalama odalirika. Boma silidakwaniritse. Tsono mu Meyi 2003 kudagamulidwa kuti kuyambira pa 7 Julayi chaka chomwecho dziko lililonse lisagule mitengo ya ku Liberia. Panthawiyi magulu awiri a zigawenga, LURD ndi MODEL, adali atalanda kale madera ambiri, ndipo kumapeto kwa Julayi doko la Buchanan lidagwa. Pa 11 Ogasiti 2003 Taylor adatula pansi udindo napita ku Nigeria, ndipo patangotha sabata imodzi pangano lamtendere lidasainidwa ku Accra, m'dziko la Ghana. Kungakhale kulakwa kunena kuti chiletso cha mitengo chokha ndicho chidathetsa nkhondo, pakuti adani adali atafika kale pakhomo pa Monrovia. Komabe chidatseka chitsime chachikulu chotsala panthawi imene Taylor adachisowa koposa.

Mlandu suwola

Nkhondo itatha, komiti idaunika mapangano onse odulira mitengo, ndipo siidapeze kampani ndi imodzi yomwe imene idakwaniritsa zonse zofunika pa lamulo. Mu Febuluwale 2006, patangopita masabata ochepa chilowereni m'boma, pulezidenti Ellen Johnson Sirleaf adafafaniza mapangano onsewo. Chiletso cha mitengo chidachotsedwa mu Juni 2006, ndipo lamulo latsopano la nkhalango lidakhazikitsidwa m'chaka chomwecho. Lamuloli lidati ufulu wodula mitengo uziperekedwa poyera, chipika chilichonse chizilondolozedwa kuchokera pachitsa mpaka pa doko, ndipo midzi yozungulira nkhalango izilandirako gawo la ndalama.

Akuluakulu adati mlandu suwola. Taylor adamangidwa mu 2006, ndipo mu 2012 bwalo lapadera loweruza milandu ya nkhondo ya Sierra Leone lidamupeza wolakwa pothandiza nkhanza za zigawenga, nkumugamula zaka 50 m'ndende. Adatumizidwa ku ndende ya ku Britain. Mlandu wa Kouwenhoven udayenda nthawi yaitali m'makhoti a ku Netherlands: adapezeka wolakwa mu 2006, adamasulidwa pa apilo mu 2008, ndipo mu 2017 khoti lina la apilo lidamugamula zaka 19 chifukwa cholowetsa zida mozemba ndi kuthandiza milandu ya nkhondo. Chigamulocho chidaperekedwa iye ali ku South Africa. Sizichitikachitika kuti wamalonda aweruzidwe pa nkhondo imene adaidyetsa ndi malonda ake.

Komatu lamulo labwino silidziteteza lokha. Mu 2012 kudaululika kuti zilolezo zina zodulira mitengo, zimene zidakonzedwera eni malo wamba, zidaperekedwa mwachinyengo pa dera lofika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a dziko lonselo, ndipo boma lidakakamizika kuziimitsa. Kaundula wa sitima nayenso adapitirira kukula, kotero kuti mu 2023 adaposa wa Panama nakhalanso wamkulu koposa padziko lonse potengera kukula kwa sitima zolembetsedwa.

Mitengo imene idagula zipolopolo ndi yomweyo imene ikadamanga sukulu ndi zipatala ku Nimba ndi ku Lofa. Chimene chidasiyanitsa ndi njira imene ndalama idadzera. Pamene pangano la nkhalango lisainidwa m'chipinda chotseka, pamene msonkho ulowa m'thumba limene Nyumba ya Malamulo siiliona, ndiponso pamene wogula wakunja safunsa kumene katundu wachokera, munthu wofuna nkhondo amapeza nkhuni zokwanira. Anthu a ku Liberia adaphunzira zimenezi atakwirira abale awo 250,000, ndipo mtengo waukulu wa m'nkhalango yawo, umene macheka amaugwetsa m'mphindi zochepa, umatenga zaka zambirimbiri kuti wina ukule m'malo mwake.