Ntchito za Masewero Zimene Zimafuna Sukulu

Anthu ambiri akamva za ntchito ya masewero amaganiza za wosewera yekha, monga Mwawi Kumwenda amene anasankhidwa kukhala katswiri woposa onse pa mpikisano wa dziko lonse lapansi wa ntchemberembaye ku Sydney mu 2015, kapena Temwa Chawinga amene anamwetsa zigoli 20 mu ligi ya mpira wamiyendo ya amayi ya ku America mu 2024. Komatu nthawi ya wosewera pabwalo ndi yaifupi, ndipo kumbuyo kwake kumakhala aphunzitsi, makochi, oyimbira ndi azachipatala, amene ntchito yawo imafika mpaka ukalamba ndipo imafuna maphunziro ozama.

Muzu wa ntchito zonsezi ndi mphunzitsi wa maphunziro olimbitsa thupi, ngakhale kuti ndiye amene amapeputsidwa kwambiri. M'sukulu za pulayimale za m'Malawi phunziroli linaphatikizidwa ndi nyimbo, magule ndi luso la manja m'phunziro limodzi lotchedwa Expressive Arts, ndipo poti maso a sukulu amakhala pa mayeso a Sitandade 8, kawirikawiri ana amangopatsidwa mpira kuti azikathamangitsana panja pamene mphunzitsi akuchonga makope. Uku ndi kutaya chinthu cha mtengo wapatali, chifukwa bungwe la World Health Organization limalangiza kuti mwana wa zaka 5 mpaka 17 azichita masewero otulutsa thukuta kwa mphindi zosachepera 60 tsiku lililonse, ndipo chizolowezi chotere chimathandiza kupewa nthenda ya shuga ndi kuthamanga kwa magazi akadzakula.

Chimene chimasiyanitsa mphunzitsi wophunzira ntchitoyi ndi munthu wongokonda mpira ndi kudziwa kuti thupi la mwana silili ngati la munthu wamkulu. Nsonga za mafupa aatali a mwana, pamene fupa limakulira, zimakhala zisanakhwime kufikira atatha msinkhu, kotero kuti kumunyamulitsa zolemera mosasamala kapena kumuthamangitsa mtunda wa akuluakulu kungamuvulaze pamalo ofunika kwambiriwo. Mphunzitsi wotereyu amadziwanso kusiyanitsa kubinya wamba ndi kuthyoka, amadziwa kuti mwana amene wagunda mutu n'kuchita chizungulire sayenera kubwerera m'bwalo tsiku lomwelo, ndiponso amazindikira kuti mtsikana akasiya mwadzidzidzi kubwera kumasewero, mwina vuto ndi kusowa pobisala posintha zovala kapena zodzitetezera pa nthawi ya kumwezi, osati ulesi. Pamenepa mpamene masewero amakumana ndi chisamaliro cha achinyamata, pakuti mwana amene amaopa kuulula zakukhosi m'kalasi nthawi zambiri amamasuka kwa kochi wake.

Njira zolowera m'ntchitozi zilipo zingapo. Sukulu ya ukachenjede ya Malawi University of Science and Technology ku Thyolo imaphunzitsa digiri ya sayansi ya masewero, imene imafufuza mmene minofu, mtima, chakudya ndi maganizo zimagwirira ntchito limodzi munthu akamasewera, pamene Kamuzu University of Health Sciences imaphunzitsa akatswiri a mafizo, amene amathandiza wovulala kuti chiwalo chake chiyambenso kugwira ntchito. Wofuna ukochi wa mpira wamiyendo amakwera makwerero a ziphaso za bungwe la mpira la mu Africa la CAF, kuchoka pa D kupita ku C, B ndi A, kudzera ku bungwe loyendetsa mpira m'Malawi la FAM limene linakhazikitsidwa mu 1966.

Chovuta n'chakuti mipata ya ntchito zolipidwa mwezi ndi mwezi ikadali yochepa, ndipo matimu ang'onoang'ono ambiri amadalira osewera akale ongodzipereka. Luso la anthu amenewa si lonyozeka konse, koma likanapindula kwambiri akanapatsidwa mwayi wa maphunziro aafupi a chithandizo choyamba ndi katetezedwe ka ana, makamaka m'maboma akutali ndi mizinda monga Rumphi, kwawo kwa Temwa Chawinga.