Khasu silitchinga BP

Odwala anga ambiri kuno ku Shamva ndi ana ndi zidzukulu za anthu amene anachoka ku Malawi kudzagwira ntchito m'mafamu ndi mu mgodi wa golide. Ndikawauza kuti magazi awo akuthamanga kwambiri, amaseka. "Adokotala, amenewo ndi matenda a mabwana a ku Harare. Ine ndimalima, thukuta tsiku lililonse."

Ayi ndithu, bambo. Kafukufuku wa ku Copenhagen amene anatuluka mu 2021 anaonetsa kuti ntchito yakalavulagaga ya tsiku lonse siteteza mtima ngati mmene kuyenda ndawala kapena kusewera mpira kumachitira. Kusenza mabelo a fodya kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa kumakweza BP kwa maola ambiri, mtima osapuma.

Timachita chiyani tikakumangani lamba pamkono? Timayeza mphamvu imene magazi akukankhira mitsempha. Nambala yoyamba ndi ya pamene mtima wafinya, yachiwiri ndi ya pamene wamasuka. Zikamafika 140 ndi 90 masiku osiyanasiyana, ndiye kuti pavuta, ngakhale mutu usakupweteke. Ambiri samva kalikonse mpaka tsiku limene mkono ndi mwendo zafa, kamwa yapotoka, abale n'kuyamba kunong'onezana kuti wina wawamenya ndi hamala ya ufiti. Ndi sitiroko imeneyo: mtsempha wa muubongo watsekeka kapena waphulika.

Kafukufuku wa PURE, amene anatenganso anthu a muno mu Zimbabwe, anapeza mu 2019 kuti pa matenda 10 alionse a mtima ndi sitiroko, pafupifupi 7 amachokera ku zinthu zotheka kusintha, ndipo BP ndiyo ili patsogolo.

Ine nkhondo yanga ili pa mchere. Bungwe la WHO limati munthu asapitirire magalamu 5 patsiku, kasupuni ka tiyi kamodzi kosadzaza. Tsono taonani mphika wa kukomboni: kapenta wouma ndi wamchere kale, amayi athiramo wina, awonjezera supu wa m'paketi, ndipo bambo asanalawe n'komwe akuti, "Patseni mchere." Ku China, pa kafukufuku amene anatuluka mu 2021, anthu a m'midzi 600 anayesedwa. Amene anapatsidwa mchere wosakaniza ndi potaziyamu anadwala sitiroko mocheperapo ndi 14 pa 100 alionse. Mchere umenewu si wa aliyense, odwala impso autalikire. Koma kuviika kapenta m'madzi n'kutaya madziwo sikulira ndalama.

Za fodya wopichira m'pepala ndi kachasu sinditaya nthawi, mukudziwa kale.

Mapiritsi ngati amlodipine sachiza BP, amangoigwira. Mukasiya poti mwapeza bwino, imakweranso mwakachetechete. Mukapita ku kiliniki kukayezetsa mwana sikelo kapena kuperekeza agogo, pemphani anamwino akuyezeni inunso. Sizitenga mphindi 5.