Zikwangwani za pamsewu wa ku Glendale: chiyankhulo chosafuna sukulu

Dzuwa lisanatuluke m'chigwa cha Mazowe, msewu wochokera ku Harare kupita ku Bindura umakhala utadzuka kalekale. Pa Glendale pamadutsa malole a mabelo a fodya, maminibasi amene kuno amati makombi, tigalimoto todzaza thothotho totchedwa mushikashika, ndi mathirakitala okoka ngolo za antchito opita kumunda. M'mphepete mwa phula muli apanjinga, amayi osenza madengu, ndi ana a sukulu ochokera ku Tsungubvi ndi m'makomboni a m'mafamu. Onsewa msewu wawo ndi umodzi, ndipo palibe amene angaime kuti akambirane ndi mnzake za woyamba kudutsa. Mlandu umenewo unaweruzidwa kale, ndipo chigamulo chake chinakhomedwa pa mizati yachitsulo ya m'mbali mwa msewu.

Funso ndi lakuti, mwa anthu onsewa, ndi angati amene amatha kuwerenga chigamulocho?

Glendale ndi tauni yaing'ono m'boma la Mazowe, m'chigawo cha Mashonaland Central, ndipo inakula chifukwa cha chimanga, thonje, fodya ndi tirigu wa m'mafamu ozungulira. Manja ambiri amene analima mbewu zimenezi anali ochokera ku Nyasaland. Ena anayenda wapansi kudzera ku Tete, ena anakwera malole a Ulere, ena anabwera ndi Mthandizi, bungwe lolemba antchito limene linakhazikitsidwa mu 1946. Ambiri anatchona. Lero zidzukulu zawo zimayankhula Chishona pamsika, Chichewa pamaliro ndi kudambwe, ndipo malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a mu 2013 anaika Chichewa pa mndandanda wa ziyankhulo 16 zovomerezeka. Komabe palibe chikwangwani cha pamsewu cholembedwa m'Chichewa, ndipo kunena zoona, sichikufunika kwenikweni. Zikwangwani zinapangidwa dala kuti munthu azimve ndi maso asanawerenge liwu n'limodzi lomwe. Chimayamba kuyankhula ndi kaumbidwe kake, kenako mtundu wake, chithunzi n'kumalizitsa.

Cha makona atatu, choyera m'kati, chofiira m'mbali, nsonga yake italoza kumwamba, chimachenjeza. Sichilamula kanthu, chimangonong'oneza kuti kutsogoloku kuli zinthu. Amene wayendapo pamsewu umenewu amadziwa pamene umakhotakhota m'mapiri pafupi ndi damu la Mazowe, usanafike pa minda ya malalanje. Muvi wopindika wa m'chikwangwani chotere umasonyeza mbali imene msewu ukukhotera, ndipo mabolodi a mizere yofiira ndi yoyera yooneka ngati mitu ya mivi, amene amaikidwa pagulaye penipeni, amatsogolera diso la dalaivala makamaka usiku. Mukaona ng'ombe m'makona atatuwo, ziweto zimawoloka. Mukaona ana awiri, pali sukulu. Mukaona thirakitala, pafupi pali chipata cha famu.

Chikwangwani cha thirakitalachi n'chofunika kuchiganizira bwino, chifukwa dera lino ndi kwawo kwa mathirakitala. Galimoto yothamanga makilomita 120 pa ola imadya mamita 33 pa sekondi iliyonse, kutanthauza kuti bwalo la mpira imalimaliza m'masekondi atatu okha. Thirakitala yokoka ngolo imayenda pang'onopang'ono, mwina makilomita 25 kapena 30 pa ola, ndipo ikamatuluka m'kamsewu ka fumbi imafuna nthawi kuti ngolo yonse ilowe paphula. Kwa dalaivala amene akubwera pa liwiro lija, thirakitalayo sisiyana ndi chipupa. Ndipo liwiro likawirikiza kawiri, mtunda wofunika kuti mabuleki aimitse galimoto umawirikiza kanayi. N'chifukwa chake chenjezo limaikidwa patali ndithu ndi malo oopsawo: phazi lichoke pa mafuta maso asanaone ngoziyo. Pangolo paja sipakhala matumba okha. Nthawi yokolola pamakhala anthu, okhala ndi oimirira, opanda lamba, opanda chogwirira.

Zozungulira ndi za lamulo. Choyera chokhala ndi mkombero wofiira chimaletsa: nambala 60 m'kati mwake ikutanthauza kuti musapitirire pamenepo, ndipo muvi wodulidwa ndi mzere wofiira ukukuuzani kuti musakhotere mbali imeneyo. Chozungulira chabuluu chimalamula chochita, monga kuyenda mbali ya kumanzere kwa chotchinga. Apa ndi pamene ambiri amapunthwa. Nambala ikakhala pa chozungulira chabuluu, si malire a kuthamanga ayi, koma liwiro lochepetsetsa limene muyenera kuyenda. Nambala ndi yomweyo, koma mtundu wasintha nkhani yonse.

Pali ziwiri zimene zinapatsidwa kaumbidwe kakekake kuti zizidziwika ngakhale zitadetsedwa ndi fumbi, ngakhale munthu ataziona chakumbuyo. Choyamba ndi cha makona atatu chozondoka, nsonga pansi, chimene chimati patsani mpata amene ali mumsewu waukulu. Chachiwiri ndi cha makona asanu ndi atatu, chofiira, cholembedwa STOP. Ichi chinachokera ku America, kumene kwa zaka zambiri chinali chachikasu mpaka mu 1954 pamene anachisandutsa chofiira, ndipo mgwirizano wa maiko wa ku Vienna wa mu 1968 unathandiza kuchifalitsa. Tanthauzo lake ndi limodzi: matayala aleke kuzungulira. Kuchepetsa liwiro, kusuzumira uku ndi uku, n'kupitirira, monga amachitira madalaivala ena a makombi akamalimbirana okwera, ndi kuswa lamulo ngakhale msewu utakhala mbee.

Zobiriwira zimalozera njira, monga pamene msewu wa ku Chiweshe ukupatuka. Zakhofi zimasonyeza malo okopa alendo. Zimenezi sizivuta.

Chimene chinasokoneza anthu ndi mtundu wachikasu. Madalaivala akale a ku Zimbabwe anakulira pa zikwangwani zimene dzikoli linatengera ku Rhodesia, ndipo zambiri zochenjeza ndi zoletsa zinali zachikasu m'kati. Mu 2016 boma linatulutsa lamulo lotchedwa Statutory Instrument 41, limene linabweretsa zikwangwani zogwirizana ndi maiko a SADC. Muzu wake ndi pangano la zamtengatenga limene maikowa anasainira ku Maseru mu 1996, pofuna kuti dalaivala asamaphunzirenso msewu nthawi iliyonse akadutsa malire. M'dongosolo latsopanoli, chikwangwani chokhazikika chimakhala choyera m'kati, ndipo chachikasu chimatanthauza za kanthawi: akukonza msewu, pali njira yolambalala, kapena pali anthu ogwira ntchito paphula. Popeza kusintha zikwangwani za dziko lonse kumadya ndalama ndi zaka, zakale ndi zatsopano zinaloledwa kukhalira limodzi. Ndiye munthu amatha kuona chachikasu chozilala, cha masiku a agogo ake, n'kuchinyalanyaza, kenako n'kunyalanyazanso chachikasu chatsopano chimene kuseri kwake kuli dzenje ndi munthu wonyamula mbendera yofiira.

Koma phindu la kusinthaku limaonekera kwa aliyense amene amapita kumudzi. Basi yochoka ku Harare kupita ku Blantyre imatulukira pa Nyamapanda, n'kuwoloka Zambezi pa Tete, n'kulowa m'Malawi pa Mwanza. Maiko ndi atatu, ndalama ndi zitatu, ndipo pakatipo anthu amayankhula Chipwitikizi. Koma konseko galimoto zimayenda kumanzere, makona atatu amachenjeza, ndipo mkombero wofiira umaletsa. Mwana amene waphunzira zimenezi ku Glendale sangasokonezeke pa Zalewa.

Pali chikwangwani china chimene chili ndi mbiri yaitali: chochenjeza za njanji. Mu 1909, ku Paris, maiko a ku Ulaya anagwirizana za zizindikiro zinayi zoyambirira: pa msewu wa mabampu, pa gulaye, pa mphambano, ndi podutsa njanji. Njanji ya ku Shamva imadutsa ku Concession, Glendale ndi Bindura, ndipo misewu ingapo ya m'derali imaidumpha. Pamalo oterowo pamakhala chikwangwani cha mtanda wopingasa. Vuto la masiku ano ndi lakuti sitima sizidutsa kawirikawiri ngati kale, moti munthu akawoloka njanji kambirimbiri osaona kanthu amayamba kuiyesa zitsulo zakufa. Sitima siitha kukhotera kumbali, ndipo yodzaza katundu imafuna mtunda wautali kuti iime. Mtanda uja suuza munthu ndandanda ya sitima. Umangoti njanji ilipo, yang'anani mbali zonse.

Nawo utoto wa paphula umayankhula. Mzere woyera wodukizadukiza pakati pa msewu umalola kupitirira galimoto ina ngati kutsogolo kukuoneka bwino. Woyera wosadukiza ndi mpanda, ndipo umajambulidwa pamene diso silingaone patali, monga pachitunda kapena pagulaye. Pakakhala iwiri yogundizana, dalaivala amamvera umene uli mbali yake. Mzere wachikasu wa m'mphepete ndi malire a msewu. Kunja kwake si njira yachitatu yothamangitsiramo galimoto, ndipo n'kumene kumapezeka wapanjinga ndi mayi wogulitsa malalanje. Woyenda pansi naye ali ndi lamulo lake losavuta: kumene kulibe kanjira ka anthu, aziyenda mbali ya kumanja, moyang'anizana ndi galimoto zimene zikubwera, ndipo usiku avale chowala.

Pambali pa zaboma, msewu uli ndi zizindikiro zake zimene simungazipeze m'buku. Nthambi zamasamba zoyalidwa paphula zimatanthauza kuti kutsogolo kwafera galimoto, chimodzimodzi kwathu ku Malawi. Dalaivala wa lole akayatsa indiketa ya kumanja pamsewu wowongoka, nthawi zambiri amauza wa pambuyo kuti asayerekeze kupitirira. Izi zimathandiza, koma zilibe mphamvu ya lamulo. Lamulo limafuna zizindikiro zofiira za makona atatu zonyezimira, chifukwa nthambi sioneka usiku, ndiponso galimoto ikakonzedwa eni ake amangonyamuka, kusiya masamba akunamiza anthu mpaka mawa.

Kungakhale kukondera kuimba mlandu oyenda pamsewu okha. Chikwangwani chimene kulibe sichingawerengedwe. M'Zimbabwe, monganso m'Malawi, akuluakulu oona za misewu akhala akudandaula za anthu ozula zikwangwani kukagulitsa ngati zitsulo zakutha kapena kukasula ziwiya. Dzinja likafika, udzu wa m'chigwa chachonde chino umatalika mpaka kubisa zimene zatsala. M'chilimwe utsi wa moto wolusa umaphimba msewu. Ndipo dalaivala amene walipira pa geti la Eskbank, ndalama n'kupita ku bungwe loona za misewu la ZINARA, sakulakwa akafunsa chifukwa chimene mizere ina inafufutika osajambulidwanso.

Koma mpata waukulu uli pa kaphunzitsidwe. Amene amaloweza zikwangwani ndi munthu wofuna laisensi, chifukwa sangapeze chiphaso chophunzirira kuyendetsa asanakhoze mayeso a malamulo a pamsewu ku Vehicle Inspection Department. Ambiri amaloweza mayankho, kukhoza, n'kuiwala. Nanga amene sadzagwirapo chiwongolero moyo wake wonse? Bungwe la World Health Organization linanena mu 2023 kuti ngozi za pamsewu zimapha anthu pafupifupi 1.19 miliyoni pachaka padziko lonse, ndipo oposa theka ndi oyenda pansi, apanjinga za kapalasa ndi apanjinga zamoto. M'dera ngati Glendale, amenewa ndi antchito a m'mafamu ndi ana awo. Kuyambira mu 2000, pamene minda yambiri ya azungu inagawidwa, mabanja ochuluka a m'makomboni anayamba kudalira maganyu, ndipo ganyu amatsatidwa wapansi, famu ndi famu, m'mbali mwa phula lomweli, mbandakucha kapena chisisira.

Anthu amenewa safunika buku lonse. Zinthu zisanu kapena zisanu ndi chimodzi n'zokwanira: makona atatu, mkombero wofiira, chabuluu, chachikasu, mtanda wa njanji, ndi mbali yoyenera kuyenda. Zimatheka kuphunzitsidwa m'mphindi makumi atatu pansi pa mtengo, m'Chichewa kapena m'Chishona, ndi makala pa katoni. Bungwe la Traffic Safety Council of Zimbabwe lili ndi udindo wophunzitsa anthu za chitetezo pamsewu, koma silingafike pakhomo lililonse. Akapitawo amene amakweza anthu pangolo m'mawa, aphunzitsi a m'sukulu za m'mafamu, atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, ndi akuluakulu a magulu othandizana pamaliro ndiwo amakumana ndi anthuwa sabata iliyonse. Aitaneni a bungweli abwere ku komboni, ndipo akachedwa, yambani nokha Lamlungu likubwerali.