Kujambula nyumba osagwedeza kamera: njira zotsika mtengo

Ojambula zithunzi za nyumba zogulitsa, zochititsa lendi komanso malo ogona alendo amadziwa vuto limodzi: akajambula chipinda kuti mkati muoneke bwino, pawindo pamayera mbee, akati pawindo paoneke, mkati mumada bii. Mwini nyumba akaona chithunzi chotere amapita kwa wojambula wina.

Mankhwala ake ndi bracketing. Wojambula amatenga zithunzi zitatu za malo amodzi, chodera, chapakati ndi chowala, kenako n'kuziphatikiza pakompyuta. Koma kamera ikangosuntha pang'ono pakati pa zithunzizo, mizere ya mawindo siigwirizana. N'chifukwa chake kamera imafunika kukhala pa tripod, ndipo chala chisaikhudze.

Njira yoyamba siidya ndalama. Pa makamera a Canon monga EOS 600D ndi 2000D, wojambula akatsegula AEB n'kuika timer ya masekondi 2, kamera imajambula yokha zithunzi zitatu zonse. Kusiyana kwa kuwala kumafika masitepe 2 mbali iliyonse, zomwe zimakwanira zipinda zambiri.

Njira yachiwiri ndi kachingwe kokhala ndi batani, monga Canon RS-60E3, komwe sikafuna batire. Makampani ena amapanga tofanana nako pamtengo wotsika. Wogula wanzeru amapita ndi kamera yake kusitolo, chifukwa mabowo olumikizira amasiyana ndipo makamera ena alibiretu bowolo.

Yachitatu ndi foni. Pulogalamu ya Canon Camera Connect ndi yaulere, ndipo pa kamera ya Wi-Fi imaonetsa chithunzi pafoni ndi kulola kusintha liwiro la shutter munthu ali patali. Choipa chake n'chakuti batire ya kamera imatha msanga, choncho ndi bwino kunyamula ina yapadera.

Amene ali ndi Nikon D3200 kapena D3300 ayenera kudziwa kuti makamerawa alibe bracketing yochitika yokha. Iwo angalumikize kamera ku laputopu ya Windows ndi chingwe cha USB n'kugwiritsa ntchito digiCamControl, yomwenso ndi yaulere.

Pa njira zonsezi, chosintha chikhale liwiro la shutter lokha. Aperture ndi ISO zikhale pomwepo, apo ayi zithunzi zimasiyana kuthwa kwake.

Wojambula amene ndalama zikumuperewera ayambe wagula tripod yolimba. Remote yodula pa tripod yogwedera n'kutaya ndalama chabe.