Mwana wa mbalame akagwa m'chisa musathamangire kumulera

Tsiku lina m'nyengo ya mwera ndikuyendera minda ya mpunga kufupi ndi Chia, ndinapeza ana ataunjikana kuseri kwa tchalitchi, miyala ili m'manja. Pansi panali kamwana ka kadzidzi kaubweya woyera, kamene kanagwa kuchokera kudenga. Agogo ena anali kukuwa kuti, "Kapheni, kameneko n'ka afiti!" Ine ndinati, "Agogo, taimani kaye, kameneka ndi mlonda wa nkhokwe yanu."

Alimi anzanga, banja limodzi la akadzidzi oyera kumaso aja limadya mbewa ndi makoswe oposa 1,000 pa chaka, ndipo sililipiritsa. Amene mumadandaula kuti mbewa zatha mpunga ndi chinangwa, ganizirani kawiri musanatole mwala.

Choyamba yang'anani nthenga. Ngati kamwanako kali ndi nthenga thupi lonse, kakudumphadumpha ndipo kakugwira chala chanu ndi zikhadabo, sikanagwe ayi, kakuphunzira kuuluka. Apumbwa ndi mbalame zina zambiri zing'onozing'ono zimatuluka m'chisa mapiko asanakhwime, ndipo make amakhala ali pafupi, akudikira kuti inu muchoke. Kaikeni pa nthambi kapena m'chitsamba chapomwepo, thamangitsani mphaka ndi galu, uzani ana aike malegeni pansi, basi.

Koma ngati kali ndi khungu lokha kapena ubweya, kameneko kagwadi, ndipo pansi sikachedwa kufa ndi kuzizira kapena linthumbu. Funani chisa ndipo mukabwezeremo. Ambiri timakhulupirira kuti mbalame imakana mwana wake akagwidwa ndi munthu kaamba ka fungo. Zimenezi si zoona. Chisa chikakhala kuti chaphwasuka ndi mphepo, tengani kadengu kapena chipanda chobooledwa kunsi kuti madzi asadikhemo, yalanimo udzu wouma, ndipo mumangirire pa mtengo womwewo pamthunzi. Kenaka khalani patali kwa maola awiri, muone ngati make abwera.

Kwa kadzidzi woyera uja kubwezera m'chisa n'kofunika kwambiri, chifukwa makolo ake kawirikawiri amadyetsa ana amene ali m'chisa okha. Wogwa pansi amangosiyidwa. Mugwireni ndi chiguduli popeza zikhadabo zake n'zakuthwa ngakhale ali wakhanda.

Pamene ambiri timalakwa ndi pa chifundo. Timatengera kamwanako kunyumba, n'kukatsegula kukamwa, n'kuthiramo madzi kapena phala. Khomo la mpweya la mbalame lili kumbuyo kwa lilime, choncho madziwo amalowa m'mapapo n'kukatsamwitsa. Mkaka wa ng'ombe nawo mbalame sizigaya. Chiunda cha njiwa masiku oyamba chimadya zamadzimadzi zimene makolo ake amapanga m'khosi mwawo, pamene ana a mbalame zodya tizilombo amadyetsedwa kangapo pa ola limodzi kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Ndani wa ife angasiye kumweta mpunga kuti azisaka mbozi tsiku lonse?

Ndikudziwa kuti mlimi amene wakhala miyezi akuingitsa mpheta m'munda sangalire kamwana ka mpheta kakagwa, ndipo sindimuweruza. Koma si mbalame zonse zimene zili adani athu, ndipo ngakhale mpheta zimadyetsa ana awo tizilombo.

Chinanso, musaike mbalame yakutchire m'khola la nkhuku. Ikhoza kubweretsa utitiri, chitopa kapena chimfine cha mbalame. Mukaigwira sambani m'manja ndi sopo, ndipo mukapeza mbalame zambiri zitafera pamodzi musazikhudze, kauzeni alangizi a ziweto.

Mwana wa nkhwazi kapena mbalame ina yaikulu akavulala, muikeni m'katoni yoboola, pamalo amdima ndi ofunda, ndipo dziwitsani a nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire. Kwathu kuno iwo amagwira ntchito ndi a African Parks, amene akhala akuyendetsa nkhalango ya Nkhotakota kuyambira mu 2015. Kusunga kapena kugulitsa mbalame zotetezedwa popanda chilolezo ndi mlandu, ndipo zilango zake zinakhwimitsidwa mu 2017.

Kakadzidzi ka ku Chia kaja tinakabwezera kudenga pogwiritsa makwerero obwereka, m'mene munali anzake atatu. Nditadutsanso patapita masabata awiri, pansi pa dengalo panali timibulu timene kadzidzi amalavula akadya. Ndinaswa kamodzi pamaso pa agogo aja, ndipo m'kati munali ubweya ndi tizigaza tiwiri ta mbewa.