Ndani amayang'anira namwino ndi dokotala?

Namwino amene amayeza amayi oyembekezera pachipatala cha ku Area 25 mu Lilongwe ali pansi pa mabungwe amitundu iwiri, ndipo anthu ambiri amawasokoneza. Ena anakhazikitsidwa ndi lamulo kuti ateteze wodwala, pomwe ena anayambitsidwa ndi ogwira ntchito eniake kuti aziwalankhulira.

Pa oteteza wodwala, lakale ndi Nurses and Midwives Council of Malawi, lomwe linayamba mu 1966 ndipo pano limatsata lamulo la 1995. Wophunzira akamaliza maphunziro a unamwino kapena uzamba, satifiketi ya kukoleji payokha siimulola kugwira wodwala. Ayenera kukhoza mayeso a bungweli ndi kulembedwa m'kaundula wake.

Madokotala, madokotala a mano, ma clinical officer, ma medical assistant ndi ogwira ntchito m'malabu ali m'manja mwa Medical Council of Malawi, malinga ndi lamulo la 1987. Ntchito ya bungweli imaoneka kwambiri m'makiliniki olipiritsa, omwe achuluka m'makwalala a Area 25 ndi madera ena a mumzindawu. Kiliniki isanatsegulidwe, bungweli limayendera malowo, zipangizo ndi mapepala a amene azigwirapo ntchito. Chilolezo sichamuyaya: chimawonjezeredwa chaka ndi chaka, ndipo mwini wake amayenera kusonyeza kuti akupitiriza kuphunzira, poti mankhwala ndi njira zochizira zimasintha. Wodwala amene sanathandizidwe bwino, kapena abale ake, atha kukadandaula kubungweli. Mlandu ukafufuzidwa, wolakwa amachenjezedwa, kuimitsidwa kwa kanthawi, kapena kufufutidwa m'kaundula. Chilango chomalizachi n'cholemera, chifukwa wofufutidwayo saloledwanso kuchiza munthu paliponse m'Malawi.

Za mankhwala zili ndi mwini wake. Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, yomwe inakhazikitsidwa ndi lamulo la 2019 m'malo mwa Pharmacy, Medicines and Poisons Board, imalembetsa mankhwala ndi kupereka ziphaso kumafamase. Mapiritsi ogulitsidwa pabenchi mumsika, dzuwa likuwawomba, sadutsa m'manja mwake, ndipo apa mpomwe ngozi imagona.

Mabungwe olankhulira ogwira ntchito ndi monga National Organisation of Nurses and Midwives of Malawi, Society of Medical Doctors ndi Physician Assistants Union of Malawi. Awa sapereka chilolezo chochizira anthu. Amakambirana ndi boma za malipiro, ndalama zapadera ndi kuchepa kwa antchito m'zipatala. Mu April 2020, matenda a Covid-19 atangolowa m'dziko muno, anamwino ndi madokotala m'zipatala zikuluzikulu ananyanyala ntchito pofuna zovala zodzitetezera ndi ndalama za ukadziotche. Nkhondo yawoyo inali yaphindu kwa wodwalanso, pakuti namwino akadwala kapena akatopa ndi mzere wautali, amene amavutika ndi mayi amene wabwera ndi mwana kumsana m'bandakucha.