Dzanzi la m'Zala Usiku: Dzanja Lipimidwe Msanga

Kwa Chikwa m'boma la Chama, manja sapuma: kulima thonje, kupuntha mpunga ndi kusinja. M'makomboni a ku Chipata namonso amayi amacapa, kuluka ndi kukanda ufa wa vitumbuwa tsiku lonse. Ena mwa anthu otere amadzuka usiku zala zitacita dzanzi, zikubaya ngati singano, ndipo amapezako bwino akakutumula dzanja. Acipatala amacha matendawa carpal tunnel syndrome.

Pamfundo yolumikiza dzanja ndi mkono pali tifupa 8 topanga kanjira kopapatiza. M'kanjirako mumadutsa mitsipa 9 yopinda zala pamodzi ndi mtsempha umodzi wopatsa zala mphamvu ya kumva. Pamalopo pakatupa, mtsemphawo umapanikizika.

Cizindikiro cake n'cakuti dzanzi limagwira cala cacikulu, ca mkombaphala, capakati ndi mbali imodzi ya cala ca mphete. Kacala kothera sikakhudzidwa. M'kupita kwa nthawi wodwala amayamba kugwetsa kapu ndi kulephera kumanga mabatani.

Matendawa amagwira akazi kuposa amuna. Amakonda amayi apakati, odwala shuga, onenepa kwambiri, odwala nyamakazi yotupitsa mfundo ndi amene anathyokapo pamfundoyo. Nchito yobwereza-bwereza imawonjezera vutoli. Kwa amayi apakati, kawirikawiri dzanzi limatha akabeleka.

Si dzanzi lililonse lili la matendawa. Likagwira kacala kothera, ndipo pakhungu pali mawanga otuwa osamva kukhudza, angakhale makhate, amene amacizika ndi mankhwala. Likayambira kumapazi onse awiri, ingakhale shuga, HIV kapena mankhwala a TB. Dzanja likafooka mwadzidzidzi pamodzi ndi kupotoka kwa kamwa, imeneyo ndi sitroko: wodwala athamangitsidwe kucipatala.

Kutema mphini sikumasula mtsempha wopanikizika. Cithandizo coyamba ndi kumanga kathabwa koongola mfundoyo pogona, ndi kupumitsa manja pakati pa nchito. Zikakanika pali nyeleti yocepetsa kutupa, kapena opaleshoni yaing'ono yokulitsa kanjirako.

Wa kwa Chikwa ayambe kukiliniki yapafupi, kumene angamutumize kucipatala ca Chama kapena ku Chipata Central Hospital. Asadikire mpaka mnofu wa m'munsi mwa cala cacikulu utafota, cifukwa pamenepo mphamvu ya dzanja singabwerere yonse ngakhale atacitidwa opaleshoni.